Mlendo ndi mame, koma Yeremiya akuti lima munda

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Kwanuko dzuwa latuluka kalekale, mwina ena mwafika kale ku ntchito, koma kuno ku Glasgow kudakali mdima bii. Mwezi uno wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45, ndipo 4 koloko isanakwane limakhala litalowa. Amayi atcheya anandipempha kuti lero ndigawane nanu mawu, ndiye amene muli ndi Baibulo pafupi tsegulani Yeremiya 29:4-7.

Vesi 11 ya mutu umenewu tonse timaidziwa pamtima, ija yonena za malingaliro a mtendere amene Mulungu ali nawo pa ife. Tsiku londitsanzika kutchalitchi anthu atatu anandiwerengera vesi yomweyo, ndipo inandilimbitsa mtima. Koma ndinali ndisanaganizepo kuti mawuwa ali mkati mwa kalata. Yeremiya anali ku Yerusalemu, akulembera anthu amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yekoniya. Mu mutu 28, mneneri wina dzina lake Hananiya anali atalengeza kuti zaka ziwiri zisanathe onse abwerera kwawo. Uthenga wokoma m'khutu umenewo, koma munthu amene wauzidwa kuti abwerera posachedwa samasula mtolo wake. Yeremiya anawauza kuti ayi, ndi zaka 70. Mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani ndi kukwatiwa. Kenako pa vesi 7 pali mawu ovuta kumeza: mzinda umene mwatengedwerako muufunire mtendere, muziupempherera kwa Yehova, chifukwa mtendere wanu uli mu mtendere wa mzindawo.

Ine sindili kundende. Ndinabwera mwa kufuna kwanga kudzaphunzira chaka chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndi mwayi umene ambiri amaupempherera. Komabe miyezi iwiri yoyambirira ndinkakhala ngati wophunzira wa Hananiya. Sutukesi inali pansi pa bedi, zovala zina zili momwemo. Usiku uliwonse ndinkachonga tsiku pa kalendala. Ndikachoka m'kalasi ndinkapita ku laibulale, ndikachoka kumeneko ndinkakadzitsekera m'chipinda. Chingerezi cha anthu a kuno n'china, amayankhula mothamanga ndi kumeza mawu, moti dalaivala wa basi akandifunsa kanthu ndinkangogwedeza mutu. Tsiku lina pa siteshoni ya Glasgow Central ndinaona dzina lakuti Blantyre pa bolodi ya masitima. Ndinkadziwa bwino kuti ndi tauni yaing'ono ija m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, imene Blantyre wathu anatengerako dzina. Koma misozi inangotsika yokha, ndili chiimire pakati pa anthu othamangira masitima awo.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Ndinkadzitonthoza ndi mwambi umenewu, kuti ndingopirira, dzuwa likatuluka ndidzakamuka, palibe adzadziwe kuti ndinali kuno.

Mayi wina wachikulire wa kumpingo umene ndimapemphera ndi amene anandikoka dzanja. Anati Lachinayi lililonse amagawa chakudya kwa osowa mu holo ya tchalitchi, kuno amati food bank, ndipo manja akuchepa. Ndinavomera chifukwa cha ulemu basi. Mumtima ndinkati, kodi ku Ulaya kuno angasowe chakudya ndani? Tinakula tikuona anthu ochokera kuno akubwera kwathu kudzathandiza ife, ndiye zosowa ndinkaziona ngati za ife tokha.

Ntchito yake si yovuta. Anthu amabweretsa zitini za nyemba, supu, nsomba, mpunga, pasta, masamba a tiyi ndi mkaka wa m'makatoni, ife timayang'ana madeti ndi kulongeza m'majumbo molingana ndi kukula kwa banja. Ena amatiuza kuti tisawaikire zofunika kuphika nthawi yaitali chifukwa ndalama ya magetsi yawathera. Zimenezo zinandibaya mtima, poganiza za kuzizira kwa kuno.

Tsiku loyambalo kunabwera bambo wina wamkulu, msinkhu wa atate anga. Anavala jekete yakale koma yosita bwino, nsapato zopolisha, tsitsi lopesa. Anakhala pampando wakumapeto, maso ali pansi, chipewa akuchizunguza m'manja. Nditangowaona ndinakumbukira amayi anga. Chaka cha 2016, chilala chitapsereza mbewu kwathu ku Phalombe, tinapita limodzi pamzere wolandira chimanga cha thandizo. M'mawa umenewo amayi anasamba, anadzola mafuta, anamanga chitenje chawo cha ku Mvano chimene ankasungira masiku apadera. Ine ndili mwana ndinawafunsa chifukwa chake, iwo sanayankhe. Pamzerepo sanadzutse mutu mpaka tinasenza thumba lathu. Ndinadzamvetsa tanthauzo la chitenje chija patapita zaka zambiri, mu holo yozizira ya ku Scotland, nditaona nsapato zopolisha za bambo aja.

Ndinawapatsa jumbo yawo ndi manja awiri, bondo lili lopinda pang'ono, monga mmene tinaleredwera. Sindinachite kukonzekera, thupi linangochita zimene linazolowera. Bambowo anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba, n'kundifunsa chifukwa chake ndachita choncho. Ndinati kwathu wamkulu timam'patsa chinthu motero. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti kwathu n'kuti. Nditatchula Malawi nkhope yawo inamasuka. Anati ali mwana, ku Sande sukulu ankasonkha timakobidi totumiza ku Nyasaland. Tinamwa tiyi limodzi, theka la zimene ankanena sindinkalimva, koma ndinakhala mpaka kapu inatha.

Abale anga, sindikunena kuti kuthandiza ku food bank kwachotsa kupukwa. Ndimakusowanibe, ndimasowa nsima ya amayi ndi chisoso, ndipo mdima wa kuno umandilemera. Koma ndaona kuti Mulungu sanawauze anthu a ku Babulo aja kuti aiwale Yerusalemu. Anangowaletsa kuwononga zaka zawo atakhala pa mtolo. Munthu sungapempherere mzinda umene sukuwadziwa anthu ake. Poyamba ndikamapemphera ndinkatchula Malawi, mayeso anga ndi tsiku lobwerera. Tsopano pali nkhope za kuno zimene zimandibwerera ndikatseka maso.

Ndikudziwa kuti pagulu pano si ine ndekha amene ndili kutali ndi kwathu. Ena muli ku Joni, ena boma linakutumizani ku sukulu kapena chipatala cha kudera limene simunalifune, ndipo chaka chachitatu chino mukuyembekezabe kalata yosamuka. Achemwali ena munakwatiwa kumudzi kumene mpaka lero amakutchulani kuti obwera. Kupempha kuti Mulungu akusamutseni si tchimo. Ndikungofunsa zimene ndinadzifunsa ndekha: pamene mulipo, mwadzalapo chiyani? Dzina la munthu woyandikana naye nyumba mukulidziwa?

Sutukesi ija ndinaikhuthula sabata yatha, zovala zonse zili mu wodirobu. Lero ndi Lachinayi, 10 koloko ndikhala ndili ku holo kuja. Bambo aja sanabwere masabata awiri otsatizana, ndipo kwazizira kwambiri masiku ano. Ndikupempha kuti musanayambe ntchito zanu muwakumbukire m'pemphero, Mulungu akuwadziwa dzina. Mupempherenso amayi anga, akuti mvula yayamba ndipo akudzala okha chaka chino.