Makalata a omvera: ndalama ya pamfundo ya chitenje

Moni nonse omvera, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Sabata yatha ndinapempha kuti mundilembere za mabasi akale, ndipo mwandidzazira tebulo. Ndiyamba ndi kalata imene yandigwira mtima, yochokera kwa bambo wina wa ku Khombedza. Akuti:

"Ndinali mu Sitandade 2 pamene agogo anga aakazi ananditenga koyamba kupita pa boma ku Salima, atangogulitsa thonje lawo ku ADMARC. Tinadzuka tambala woyamba atalira, n'kukadikira pasiteji pansi pa mtengo wa mango. Basi tinayamba kuimva isanaoneke, kenako fumbi kuti koboo. Pakaliyala panali njinga, matumba a mpunga wa ku Nkhotakota, madengu a usipa ndi nkhuku zomanga miyendo. Agogo anandikhazika pamiyendo pawo, n'kumasula mfundo ya chitenje ndi mano kuti alipire kondakitala. Tsiku limenelo ndinaona sitima koyamba. Pamsika anandigulira malaya a sukulu, sikono ndi Fanta, koma iwo sanalawe kanthu, ati m'mimba simuli bwino. Ndinadzazindikira nditakula kuti pamfundo paja panangotsala ya basi yobwerera."

Bambo, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse ndimaima pa mfundo ija. Achinyamata sangadziwe. Mfundo ya chitenje ndiyo inali banki ya amayi athu. Ankaimanga kawiri, ndipo poimasula ankayamba atembenuka pang'ono kuti wapafupi asaone zili m'katimo. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, koma agogo ambiri anapitiriza kuwerenga m'masheleni, 10 tambala n'kumaitchulabe sheleni imodzi. Ndiye taganizani, thonje limenelo analilima chaka chathunthu, kupalira, kupopera mankhwala, kutola padzuwa la ku Salima lija loswa mtengo, kusankha loyera padera lakuda padera. Ndalama yake inathera pa malaya anu ndi sikono yanu. "M'mimba simuli bwino." Ndi angati a ife tinamvapo mawu amenewa kwa amayi athu, ifeyo n'kupitiriza kutafuna mosangalala? Musadziimbe mlandu, bambo. Munali mwana, ndipo chimene agogowo ankafuna n'choti mudye mokondwa.

Mayi a ku Benga, mwafunsa kuti mabasi aja anali a kampani yanji. Anali a United Transport Malawi, amene tinkangoti UTM. Mu 1989 anawatenga a Stagecoach, kenako kunabwera Shire Bus Lines.

Mnyamata wa ku Lifuwu, inde ndi zoona, m'midzi yambiri basi ikakusiya ulendo unali wa mawa.

Bambo a ku Chia akuti akazi awo anawapeza m'basi, dengu lawo la chambo litawadonthezera madzi paduku. Ee, achimwene, mkazi amene fungo la nsomba silinamuthawitse tsiku loyamba, ameneyo musungeni bwino!

Tsono pali makalata angapo, ochokera ku Thavite, ku Senga Bay ndi pa Kamuzu Road, onse akudandaula chinthu chimodzi, ndipo apa mundilole ndilankhuleko pang'ono. Akuti masiku ano nkhalamba ikafika pasiteji, oitanira amailanda chikwama, wina kukokera uku wina uko. M'minibasi amaipanikiza pampando wa anthu atatu pokhala anayi, ikachedwa kutulutsa ndalama n'kumaikalipira kuti ikutaya nthawi. Ana anga makondakitala, ndikudziwa kuti mafuta akwera, ndipo bwana akudikira ndalama yake madzulo. Sindikunyoza ntchito yanu. Koma gogo amene akulimbana ndi mfundo ndi zala zonjenjemera uja, mupatseni mphindi imodzi yokha. Mwina kumbuyo kwakeko kuli mdzukulu amene akumulipirira fizi iye osadya. Inunso okwera, mumangoyang'ana pawindo ngati simukumva. Kale mnyamata ankanyamuka yekha pampando mayi wa mwana kumbuyo akalowa, popanda womuuza. M'basi ija munkadzaza kuposa minibasi ya lero, koma malo a wamkulu ankapezeka.

Bambo a ku Khombedza, ndibwererenso kwa inu tisanamvere nyimbo. Kumapeto kwa kalata mwalemba kuti agogowo anatisiya musanayambe ntchito, ndipo simunawakwezeko basi ndi ndalama yanuyanu. Pepani kwambiri. Koma pali chimodzi simunatiuze, ndipo ine chikundisowetsa mtendere. Pobwerera, dzuwa litapendeka, munagona pamiyendo pawo, kapena munali maso kuwafunsa za sitima njira yonse? Tilembereninso, ndidzaiwerenga sabata ya mawa.