Zochitika kuseri kwa pulogalamu ya nthabwala ya Saturday Night Live

Zikomo a pampando, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata a gulu la zisudzo amene mwakhala kumbuyoko. Mudandipempha kuti ndifotokoze momwe anzathu akunja amakonzera timasewero toseketsa ta pa kanema, ndiye ndasankha pulogalamu imodzi ya ku America, Saturday Night Live.

Idayamba pa 11 Okutobala 1975 pa kanema ya NBC, ndipo mpaka lero imaulutsidwa kuchokera mu Studio 8H, mumzinda wa New York. Adaiyambitsa ndi Lorne Michaels. Imayamba 11:30 usiku wa Loweruka, nthawi imene kwathu kuno kumakhala kukucha Lamulungu, ndipo masewero ambiri anthu amawaonera pomwe akuchitika. Wina akaphonya mawu, dziko lonse laona.

Tsono tamvani momwe sabata yawo imayendera, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Lolemba olemba ndi ochita zisudzo amasonkhana mu ofesi ya Michaels kukakumana ndi mlendo wa sabata imeneyo, munthu wotchuka amene waitanidwa kudzatsogolera pulogalamuyo, aliyense n'kutchula ganizo lake. Lachiwiri amachezera kulemba, ena mpaka mbandakucha. Lachitatu amakhala patebulo lalikulu n'kuwerenga mokweza masewero pafupifupi 40. Taganizani, 40! Mwa amenewa amasankha ochepa chabe, khumi ndi pang'ono, ndipo otsalawo amangogwera m'dengu. Lachinayi ndi Lachisanu amalembanso, amayeserera, kwinaku akalipentala akukhoma zinthu za pa siteji ndipo atelala akusoka zovala.

Loweruka madzulo, 8 koloko, amachita pulogalamu yonse pamaso pa anthu, koma osaulutsa. Imeneyi imatenga pafupifupi maola awiri, pomwe ya pa kanema ndi ya mphindi 90. Ndiye kuti ena agwanso. Michaels amaonerera akumvetsera momwe anthu akusekera, kenaka amaitana onse n'kunena lotsala ndi lochoka. Munthu udachezera kulemba, zovala zasokedwa, mwina wauza kale abale ako kuti atsegule kanema, koma poti anthu sadaseke, sewero lako latha pomwepo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali mphamvu ya pulogalamuyi. Amene amaweruza ndi anthu oonera, osati kutchuka kwa wolemba. Larry David, amene pambuyo pake adatchuka kwambiri pa nthabwala, adalemba kumeneko mu 1984 ndi 1985, koma nthawi yonseyo sewero lake limodzi lokha ndi limene lidaoneka pa kanema.

Mwina mudaonapo kuti ochita seweroli nthawi zina amayang'ana kumbali pang'ono, osati kwa mnzawo. Si ulesi ayi. Mawu amasintha mpaka mphindi zomaliza, choncho kuloweza n'kosathandiza. Pafupi ndi kamera pamaima anthu atanyamula makadi akuluakulu olembedwa pamanja, wosewera aliyense ali ndi mtundu wake wa inki kuti asawerenge mzere wa mnzake. Mkulu wa ntchito imeneyi, Wally Feresten, wakhala akuigwira kuyambira 1990. Mzere ukasintha, amamata tepi pakhadi n'kulembapo wina, anthu akuthamanga m'makonde.

Amayi, nanunso muli ndi gawo lanu. Mu 1999 Tina Fey adakhala mkazi woyamba kutsogolera olemba onse, patatha zaka 24 pulogalamuyi ikuyenda. Kunachedwa kwambiri kumeneko, ndipo ndikunena izi kuti atsikana a m'gulu lanu musamangowapatsa mbali ya kulira basi, apatseni cholembera.

Masiku ano ena mwa masewero ochotsedwa aja amawaika pa YouTube, pansi pa mutu woti Cut for Time. Achinyamata, mukapeza bandulo kaoneni awiri kapena atatu, ndipo tikadzakumananso mudzandiuze ngati adayenera kuchotsedwa. Tsopano ndilandire mafunso, tiyambe ndi mayi amene akweza dzanja apo.