Kafupa ka ku Charmouth kaja, yang'ana mmene mano akhalira

Mphwanga, zithunzi zako za kamwala kooneka ngati nsagwada kamene watola pagombe la Charmouth, kumwera kwa England, ndaziona. Ndati ndingokujambulira mawu chifukwa kulemba zonsezi pa foni zala zingandipweteke. Choyamba, kamwalako usakatsuke ndi bulashi yawaya, usakagogode, ndipo guluu asayandikire. Kasiye mmene wakatolera. Tenga pepala ulembe tsiku ndi malo enieni amene unakapeza, kaya ndi mbali ya phompho la Black Ven kaya ya phompho la Stonebarrow. Malo amathandiza kwambiri, chifukwa miyala ya ku Charmouth ndi Lyme Regis ndi ya zaka pafupifupi 190 mpaka 200 miliyoni, kumayambiriro kwa nyengo ya Jurassic. Nyama imene inadzakhalako pambuyo pake siingapezeke mmenemo.

Tsopano ona kaye ngati lilidi fupa. Yang'ana pamene pathyoka, ndi mandala ngati uli nawo. Fupa limakhala ndi timabowo tating'ono ngati siponji, lakuderako kapena lofiirira. Ambiri amanyengeka ndi belemnite, kaja kooneka ngati chipolopolo, n'kumati atola dzino. Iko kakathyoka mkati mwake mumaoneka timizere tochoka pakati kupita m'mbali ngati masipoko a njinga. Ameneyo anali wachibale wa squid, nyama yofewa ya m'nyanja ya miyendo yambiri, si dzino ayi.

Ukatsimikiza kuti ndi nsagwada, usathamangire kukula kwa mano. Ona mmene akhalira m'fupamo, nkhani yonse yagona pamenepo. Ichthyosaur, ija yooneka ngati nsomba ya mlomo wautali ndi maso aakulu, mano ake sakhala lililonse m'dzenje lake. Amandandalikana mu ngalande imodzi yaitali, opanda fupa lowatchinga pakati. N'chifukwa chake nyamayo ikafa mano ankagwedera, ndipo umawapeza atapendekera uku ndi uku kapena atamwazika pambali pa nsagwada. Dzino lake ndi lozungulira, losongoka, lokhala ndi timizere totsika, ndipo muzu wake ndi wonenepa, wamakwinya akuya. Potembenuza chidutswacho uyang'anenso kunja kwa fupa, nthawi zambiri pamakhala kamsewu kozama koyenda motsata utali wa mlomo. Ndipo ukayang'ana kothyokako, nthawi zina umaona nsagwada yam'mwamba ndi yam'munsi zitalumana, mano ali pakati. Pachithunzi chako chachiwiri ndikuona ngati ndi zimenezi, koma kuwala kwachepa, ndiye sindikufuna kukulonjeza.

Plesiosaur, ya khosi lalitali ija, ndi yosiyana. Dzino lililonse lili ndi dzenje lakelake lozungulira, monga mwa ng'ona. Mano ake ndi owonda, aatali, opindika pang'ono, ndipo akutsogolo amatulukira kunja n'kumapisana ngati zala ukapinda manja. Ngakhale mano atachoka onse, maenjewo amatsala pamzere, ndiye uwawerenge. Zigaza zake ndi zazing'ono ndipo zimasowa zedi, moti ngati watola imeneyo ndiye kuti wadzuka bwino. Mary Anning, mayi wa ku Lyme Regis komweko, ndi amene anafukula plesiosaur yathunthu yoyamba mu 1823. Mlongo wake Joseph ndiye anapeza mutu wa ichthyosaur ina yotchuka mu 1811, Mary n'kudzapeza thupi lake chaka chotsatira ali ndi zaka 12 kapena 13 zokha. Ukamayenda pagombepo uzidziwa kuti ukuponda m'mapazi mwake.

Mano akuluakulu a mbali zitatu, ziwiri zokhala ndi mizere yokhuthala ndipo ina yosalala, amenewo ndi a Pliosaurus, mbale wake wa plesiosaur wa khosi lalifupi ndi mutu waukulu, ndipo kwawo ndi ku Kimmeridge, m'miyala yocheperako zaka. Chigaza chake cha mamita awiri chili ku Etches Collection, nyumba yosungiramo zakale ya ku Kimmeridge komweko, tidzapitire limodzi ukachione.

Ndikuchenjezenso za mosasaur, chifukwa unanena kuti unaona nsagwada yake m'sitolo ikufanana ndi yako. Sizingatheke. Mosasaur, yomwe ndi mbale wake wa ng'azi, inakhalako kumapeto kwa nyengo ya Cretaceous, patadutsa zaka pafupifupi 100 miliyoni kuchokera pa miyala yakoyo. Dzino lake limakhala pamwamba pa tsinde lafupa lonenepa lomatirira kunsagwada, ndipo inali ndi mano ena kumwamba kwa m'kamwa. Zam'masitolozo zambiri zimachokera ku migodi ya phosphate ya ku Morocco, dera la Khouribga, ndipo zochuluka ndi zopanga: mano enieni, koma obzalidwa mu mchenga wosakaniza ndi guluu. Ukaona mano ofanana msinkhu atafola bwinobwino ngati asilikali, sunga ndalama zako.

Anzako akamati watola dinosaur uwauze kuti ayi. Dinosaur ndi monga Malawisaurus ija tinakaona ku Karonga, yoyenda pamtunda. Izi ndi zokwawa za m'nyanja, mtundu wina.

Ndiye chita izi. Jambulanso masana, panja, uike rula kapena ndalama yachitsulo pambali. Ndikufuna chithunzi cha pamwamba pomwe pali mano, cha m'mbali, ndi cha mbali zonse ziwiri zothyoka. Ngati pali zonyezimira ngati golide, ndi pyrite, ndipo imafumbutuka ikakhala pachinyezi, choncho usunge pouma. Kakulunge m'pepala lofewa, uike m'kabokosi, upite nako ku Charmouth Heritage Coast Centre pagombe pomwepo. Anthu a kumeneko amaona zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo ngati n'kofunika adzakalemba m'kaundula wawo.

Ukabwerera kukasaka zidutswa zina, pita madzi akamaphwera, ndipo uyang'ane nthawi ya mafunde usananyamuke. Kuphompho kuja usayandikireko, dothi lake limagumuka osachenjeza, makamaka mvula ikagwa. Mayi ako ndinawalonjeza kuti ndikuyang'anira. Unditumizire zithunzizo mawa lisanalowe.