Uthenga wa asisita kwa a shifiti ya usiku mu wodi ya ana

Mwaswera bwanji nonse a usiku? Pepani ndatumiza mawu m'malo molemba, ndili m'minibasi. Mumvetsere mpaka kumapeto, makamaka inu ana a sukulu amene mwayamba sabata ino.

Masana ano ndimaunika mafayilo. Ndapeza mwana amene wabayidwa antibayotiki wa ceftriaxone, cef wathu uja, masiku 9. Mwanayo akudya phala, akusewera, thupi linasiya kutentha kalekale. Koma poti palibe analemba tsiku losiyira, aliyense wobwera pa shifiti amangobaya n'kuchonga. Sindikuloza chala munthu, inenso siginecha yanga ilipo pa Lachiwiri.

Ndiye kuyambira usiku uno, musanasungunule antibayotiki aliyense, fayilo ikuyankheni zinthu zitatu: akulandira chifukwa cha matenda anji, anayamba liti, asiya liti. Chimodzi chikasowa, perekani mlingo wa nthawi imeneyo, kenaka aimbireni adokotala kapena a clinical officer alembe. Pa tchati muzilemba tsiku 1, tsiku 2, choncho. Likakwana tsiku 3, pa raundi mufunse mokweza ndithu: kodi tipitirize, tisinthe, tisiye, kapena ayambe akumwa? Mwana amene akumeza bwino, sakusanza, ndipo akupeza bwino, nthawi zambiri safunikanso jakisoni. Kufunsa si mwano. Adokotala amaona ana ambiri pa tsiku, ife ndi amene timagona nawo.

Koma musandimve molakwa. Mwana akabwera ali lefu, akupuma mothamanga, manja ozizira, tikuganizira sepsis, matenda oopsa a tizilombo tofalikira m'thupi, ameneyo sitidikira. Tengani magazi a culture, okameretsa kachilombo ku labu, msangamsanga ngati mabotolo alipo, kenaka mankhwala alowe ola lisanathe. Magazi poyamba, mankhwala pambuyo, chifukwa mukatembenuza, ku labu kachilombo mwina sikamera ndipo tikhala tikungoponya mwala mumdima. Botolo likasowa, musachedwetse mankhwala.

Mwina wina akuti, asisita, cef wavuta chiyani, si amachiza? Ankachiza. Ku Queens ku Blantyre, a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika zotsatira za magazi a odwala kuchokera 1998 mpaka 2016. M'chaka cha 2003, mwa tizilombo ta Klebsiella 100 topezeka m'magazi, pafupifupi 12 ndi timene sitinkamva mankhwala a gulu la cef. Pofika 2016 tinali 90. E. coli anachoka pa osakwana 1 kufika pa 30. Izi si za kunja, ndi zakwathu konkuno. Tikamabaya cef mwana aliyense wotentha thupi, timapha tizilombo tofooka, totsala ndi touma mutu tija, ndipo timaswana momasuka poti opikisana nato tawachotsa tokha. Cef akakanika, otsatira ake ndi monga meropenem, ndipo mukudziwa nokha kuti ku pharmacy sapezeka mwachisawawa.

N'chifukwa chake a WHO mu 2017 anagawa maantibayotiki m'magulu atatu. Amoxicillin, benzylpenicillin ndi gentamicin ali m'gulu loyambira, la Access. Cef ndi ciprofloxacin ali mu Watch, ofunika kuwasamala. Gulu la Reserve ndi nkhokwe ya chaka cha njala. Buku lathu la MSTG, la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala m'Malawi muno, lili mu kabati, litsegulidwe. Ndipo mwana wa chimfine wamba, kapena amene mRDT, yoyezera magazi mwachangu ija, yaonetsa malungo popanda chizindikiro china, antibayotiki si wake, ngakhale agogo ake atachonderera kuti jakisoni ndiye mankhwala enieni. Afotokozereni mwaulemu.

Gentamicin amatsata sikelo. Mwana ayezedwe kulemera kwake, osati kuyerekeza ndi maso. Mlingo ukadumphidwa chifukwa mankhwala atha kapena kanyula, kapaipi kamumtsempha kaja, yatuluka, lembani zoona, musachonge.

Tsopano manja. Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa Klebsiella alibe mapiko. Sauluka kuchoka bedi lina kupita lina. Timamunyamula ndife, pa zala, pa stethoscope, pa thermometer, pa foni imene mukumverapo mawu angawa. Sambani musanamugwire mwana. Sambani musanagwire kanyula, dripu kapena bala. Mukagwira thewera, magazi, masanzi, sambani. Mukamaliza naye mwanayo, sambani, ndipo ngakhale mwangogwira chitsulo cha bedi kapena chitenje cha amayi ake, sambaninso musanapite kwa wina. Sanitaiza mupake masekondi 20 mpaka 30, mpaka manja aume okha, osapukuta pa yunifolomu. M'manja mukaoneka litsiro, kapena mwana akutsegula m'mimba, pamenepo ndi sopo ndi madzi, masekondi 40 mpaka 60. Zala zazikulu ndi nsonga za zala ndi zimene anthu amaiwala. Mawotchi, zibangili, zikhadabo zomata zija, zisiyeni kunyumba, muzikatchena Lamlungu.

Magolovesi ndiye andikwiyitsa. Ndimaona munthu wavala peyala imodzi kuyambira bedi loyamba mpaka lomaliza, akudziona ngati waukhondo. Wadziteteza yekha, ana onse wawapaka zofanana. Mwana mmodzi, peyala imodzi, mukavula musambe.

Madzi akasiya ku mpopi, ndowa ya kampopi ija idzazidwe shifiti isanayambe, sopo akhale pambali. Musadikire 2 koloko usiku. Klorini wopukutira asungunulidwe watsopano tsiku lililonse ndipo chidebe chilembedwe deti, wa dzulo mphamvu zatha. Anzathu okolopa ndi a timu yomweyi, auzeni bedi limene mwana watuluka lipukutidwe matiresi onse wina asanagonepo. Ana akachuluka n'kumagona awiri bedi limodzi, ndikudziwa zimachitika, koma amene labu yanena kuti ali ndi kachilombo kosamva mankhwala agone yekha, kumapeto, ndi thermometer yakeyake, ndipo pozungulira muzimalizira iyeyo.

Kanyula ndi khomo lolowera m'magazi. Lembani deti pa pulasitala. Nthawi iliyonse musanabaye, yang'anani: patupa, pafiira, mwana akulira mukamakankha? Ichotseni. Pukutani pobayira ndi sipiriti, dikirani paume. Kanyula imene sikugwira ntchito isakhale pa mkono poti mwina mawa. Katheta, paipi ya mkodzo ija, chimodzimodzi, m'mawa uliwonse tizifunsa ngati ikufunikabe. Botolo la mankhwala logawana, singano yatsopano ndi sirinji yatsopano ulendo uliwonse, ndipo mchitidwe wosiya singano itabayidwa pa chivindikiro uthe lero. Mukasungunula, lembani deti ndi nthawi. Singano yogwiritsa kale ntchito osaivindikiranso, molunjika mu safety box, ndipo bokosilo likafika pa mzere litsekedwe, osakanikiza ndi dzanja.

Magadiyani musawaiwale. Amayi aja ndi amene amasintha matewera, kudyetsa, n'kuthandizana kunyamulirana ana, mwa chikondi ndithu. Madzulo ano, nyali zisanazimitsidwe, mmodzi wa inu aime pakati awaonetse kusamba m'manja, awauze kuti makapu ndi masipuni asabwerekane. Muwafunsenso mofatsa ngati mwana anamwa kale mankhwala ogula ku golosale, Bactrim kapena makapisozi aja, ndipo mulembe. Mukakalipa, abisa.

Eya, ndatsala pang'ono kutsika. Mwana wobayidwa cef masiku 9 uja adokotala amuona, cef wasiyidwa, kanyula ichoke usiku uno. Mawa ndifika 7 koloko isanakwane, ndipo handover tichitira pa bedi, fayilo ili m'manja. Amene wamva uthengawu ayike chala pa gulupu. Mugwire bwino ntchito.