Buku likubwera m'sutikesi, pakati pa ufa ndi usipa

Moni nonse amene mwatchera khutu, kaya muli ku Lilongwe, ku Joni, ku Harare kapena konkuno ku Mangalande. Ndikulankhula kuchokera ku Manchester. Mukamva mawu akusasa mundikhululukire, ndangoweruka kumene shifiti ya usiku, ndipo panja kukuwaza kamvula kaja ka kuno kosadziwa kukata.

Lero ndikuuzeni za kagulu kathu. Tilipo anthu 7. Timakumana Lamulungu lomaliza la mwezi tikatuluka m'tchalitchi, kunyumba kwa achemwali ena a ku Ntcheu chifukwa pabalaza pawo ndi potakasuka. Atatufe timagwira ntchito yosamalira okalamba, awiri ndi anamwino, bambo mmodzi amayendetsa basi, ndiye palinso mtsikana wa pa yunivesite. Palibe katswiri wa zolembalemba pakati pathu. Tiyi akangofika patebulo, aliyense amayankha mafunso awiri: mukuwerenga chiyani masiku ano, nanga mukudikira buku lanji?

Ine ndinasiya kuwerenga tsiku lomwe ndinamaliza mayeso a Fomu 4. Kwa ine buku linali la mayeso basi. Chinandibwezera ndi mdima wa kuno. Mwezi wa Disembala, 4 koloko masana kunja kumakhala kutada kale bii, ndipo kuntchito agogo onse akagona umatsala wekha pampando kudikira belu, maganizo ali kumudzi. Mnzanga wa ku Zimbabwe ataona kuti ndikungoyang'ana khoma anati, pita ku laibulale, salipiritsa. Ndinakwera thiramu n'kutsikira pa St Peter's Square, pomwe pali Central Library, chinyumba chozungulira chomwe anachitsegula mu 1934. Anandipatsa khadi osanditengera ngakhale kakobiri. Buku ukalisowa pashelefu umangolipempha, amakuika pamzere, ndipo likabwezedwa kapena likachokera ku nthambi ina amakutumizira uthenga kuti bwera udzatenge. Ndi khadi lomwelo umalowa pa BorrowBox pafoni n'kumamvera mabuku owerengedwa mokweza uli m'basi. Inu amene mwafika kumene, katengeni khadi limeneli musanagule n'komwe jekete lachiwiri.

Mwezi watha bambo oyendetsa basi aja anabwera ndi buku la mayeso a Life in the UK, aja amalemba munthu akamafuna chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Mafunso amakhala 24, nthawi yake mphindi 45, ndipo uyenera kukhoza 18. Anafunsa mwamanyazi ngati limenelo tingaliwerengere kuti ndi buku. Tonse tinati inde, ndipo tinatha theka la ola akutifotokozera za mfumu Henry VIII ndi akazi ake 6, mpaka achemwali eninyumba anaiwala madzi pamoto. Mmodzi wa anamwino amakonda nkhani za apolisi ofufuza milandu yakupha. Amazigula paundi imodzi kapena awiri m'mashopu aja ogulitsa zinthu zakale pothandiza ovutika, ndipo akudikira kuti mlembi wake wapamtima atulutse lotsatira. Mtsikana wa pa yunivesite amatsatira mphoto ya Booker, ija wopambana amalandira mapaundi 50,000. Mayina a mabuku opikisana akangotuluka, iye amathamangira kukalembetsa ku laibulale mzere usanatalike.

Achemwali a ku Ntcheu akuwerenga limodzi ndi mwana wawo wamwamuna buku la William Kamkwamba, lija linatuluka mu 2009. Mwanayo anabadwira konkuno. Analipeza yekha kusukulu n'kubwera kunyumba akuthamanga, akuti amayi, muli Malawi umu! Kamkwamba ndi wa ku Wimbe ku Kasungu, anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo nzeru zopangira magetsi a mphepo anazitola m'buku la m'kalaibulale ka kwawo komweko. Achemwaliwo akuti atafika pa mitu ya njala anasiya kuwerenga n'kuyamba kumuuza mwanayo zomwe iwo eni anaona chaka chimenecho, za gaga ndi mizere ya pa msika wa chimanga, nkhani zomwe anali asanamuuzepo chibadwire.

Ine ndili pakati pa buku la a Jack Mapanje lofotokoza za ukaidi wawo, lomwe linatuluka mu 2011. Anawagwira mu 1987, anakakhala ku ndende ya Mikuyu kufupi ndi Zomba popanda kuwazenga mlandu, anawatulutsa mu 1991, kenako anasamukira kuno ndi banja lawo. Ndimawerenga masamba ochepa usiku uliwonse chifukwa ndi lolemera pamtima. Ndili mwana dzina la Mikuyu akuluakulu ankalitchula monong'ona. Tsopano ndikulowa m'zipinda zake ndili pampando wa m'nyumba ya okalamba, 3 koloko m'bandakucha.

Koma mwina mwaona kale kuti onse ndatchulawa ndi a m'Chingerezi. Nkhani yanga lero yagona pamenepo. Buku la Chingerezi, ngakhale la Mmalawi, ndikhoza kulipempha lero n'kulilandira pakapita masiku ochepa. La Chichewa ndinalifunafuna m'kompyuta ya laibulale, ndinafunsanso mayi wina wachifundo wogwira ntchito pamenepo, tinasakasaka limodzi osapeza nthano kapena nkhani yoti ndibwereke. M'nyumba zathu tonse 7, mabuku a Chichewa omwe tili nawo ndi Buku Lopatulika ndi la nyimbo. Ana athu akuona ngati chilankhulo cha makolo awo ndi cha pemphero ndi cha pafoni, pomwe nkhani zokoma zonse zimabwera m'Chingerezi. Zimenezi zimandiwawa.

Ndiye buku lomwe gulu lonse likudikira ndi mtima wonse silatsopano ayi. Ndi Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira a Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ambiri a ife tinakumana nalo kusekondale, tikuloweza mayankho. Bambo oyendetsa basi ndi amene analikumbutsa. Anati, kodi mukukumbukira kuti Nthondo uja naye anachoka kwawo kukagwira ntchito kutali, n'kudzabwerera? Pabalaza panangoti zii. Tili ana tinkawerenga mbali imeneyo ngati nkhani ya agogo athu, aja ankapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena osabwerako mpaka kutchedwa matchona. Palibe ankaganiza kuti tsiku lina adzaiwerenga iye ali wapaulendo, ndi ana olankhula Chichewa chodukaduka. Ndikufuna ndione kuti nkhani imeneyo imveka bwanji m'makutu mwanga tsopano, nditakhala kunja zaka zonsezi, nditaphonya maliro awiri ndi ukwati wa mng'ono wanga.

Kulipeza sikunali kophweka. Namwino wathu winayo ali kumudzi patchuthi, ndipo tinamutuma. Anayenda m'masitolo angapo a mabuku mu Lilongwe, n'kupeza mashelefu odzaza ndi mabuku a mayeso a chaka chino ndi mabaibulo. Mapeto ake analipeza kwa aphunzitsi ena opuma pantchito a kwawo, omwe anatulutsa makope awiri m'katoni, chikuto chitachita kumatidwa ndi selotepi. Atamva kuti akupita kwa Amalawi a kunja anakana ndalama. Anangoti mukamaliza muwawerengere ana.

Inu a kuno mukudziwa mmene nkhondo ya sikelo imakhalira pa bwalo la ndege la Kamuzu. Ndege ya Ethiopian yodzera ku Addis Ababa imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23, ndipo kilogalamu iliyonse imakhala ndi mwini wake: ufa woyera wa uyu, mpunga wa Kilombero wa uyo, usipa wouma, tsabola wa Nali, tiyi wa Chombe. Ine ndinamuuza kuti mpunga wanga ausiye, malo ake alowe mabuku. Anawonjezeranso timabuku tiwiri ta nthano za ana tomwe anagula panjira.

Tagwirizana kuti makope awiriwo sitibwerekana mmodzimmodzi monga timachitira ndi ena. Tizidzawerenga mokweza pabalaza paja, mutu umodzi pa mkumano uliwonse, ana atakhala pansi pakapeti. Mawu akawavuta tizidzaima n'kuwafotokozera, ngakhale zitatitengera chaka chathunthu. Mtsikana wa pa yunivesite wapempha kuti ayambe ndiye, akuti akufuna amve ngati lilime lake likadali bwino.

Ngati kwanuko muli ndi buku la Chichewa lomwe langokhala m'katoni, ndiuzeni dzina lake, ndidzalitchula m'chigawo chotsatira kuti ena adziwe choti atume. Ndege ya mnzathuyo itera Loweruka m'mawa. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zimbabwe uja kuti ndikamuchingamire ndekha pabwalo. Pakali pano ndikagone kaye. Tsalani bwino, tidzamvanenso.