Sitima ikaima kutsitsa katundu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo pagulu pano. Mawu a m'mawa uno ali pa Machitidwe 21 ndime 1 mpaka 6, amene muli ndi Baibulo pafupi tsegulani, amene mwanyamuka kale mukawerenge masana koma musaiwale chonde.

Amene munayendapo ulendo wautali pa sitima ya pamadzi mukudziwa kuti sitima siyendera changu cha munthu. Iwe uli ndi zako zokuthamangitsa, iyo ili ndi katundu wake. Ulendo wina ndikupita kukaona m'bale wanga amene anadwala kwambiri, tinafika pa kadoko kena dzuwa litangotuluka, kamudzi koti ukaima pamwamba pa sitima umakaona konse kuyambira nyumba yoyamba mpaka yomaliza, ndipo panalibe ngakhale poti sitima n'kugunda, anangoponya nangula chapatali n'kutsitsa boti laling'ono kuti lizitenga anthu ndi katundu kupita kumtunda n'kumabwerera. Analengeza kuti tiima maola angapo. Aaa ine mtima unangoti phwii. Netiweki palibe, batire ya foni ikutha, sindikudziwa kuti wodwala uja wagona bwanji, ndiye anthu ali bize kutsitsa matumba ndi malata ngati palibe amene akufulumira. Ndinakhala pa benchi ndikung'ung'udza ndekha, mpaka kutentha kunandithamangitsa, ndinati bola nditsike ndikaponde nthaka.

Kumtunda kunalibe chodabwitsa ayi. Mchenga, mabwato ogadamitsa, ana akuthamangira boti lililonse likafika, kanjira kamodzi kolowera kunyumba. Pansi pa mtengo panali agogo ena akusoka ukonde wong'ambika, ndinawapatsa moni n'kukhala chapambali kuti ndipeze mthunzi basi, sindinkafuna zocheza. Anandiyang'ana kamodzi n'kubwerera ku ukonde wawo, kenako anati, mwanangu, ulendo wake ndi wa mtendere koma? Kaya chinandigwira n'chiyani, ndinangoyamba kufotokoza zonse, zimene ngakhale anzanga a m'sitima amene ndinagona nawo pafupi usiku wonse sindinawauze. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito. Nditamaliza anaika chingwe pansi n'kunena kuti tiyeni tiwauze Ambuye. Pemphero lake silinali lalitali ndipo mawu ake sindiwakumbukanso bwinobwino, chimene ndimakumbuka n'choti anatchula dzina la wodwala uja katatu ngati amamudziwa kuyambira kale. Hutala ya sitima italira ndinathamangira ku boti. Dzina lawo sindinafunse, langa sanafunsenso.

Ndiye taonani zimene zinamuchitikira Paulo. Akuchokera ku Mileto kumene anasiya akulu a mpingo wa ku Efeso akulira, anadutsa ku Kosi, ku Rode, n'kufika ku Patara, kumeneko anapeza chombo chowolokera ku Foinike n'kukwera. Ulendo wa pakati pa nyanja wopitirira makilomita 500, chilumba cha Kupro anangochionera kumanzere osaima, mpaka anakocheza ku Turo, mzinda umene ulipo mpaka lero m'dziko la Lebanon. Tsono Luka wolemba bukuli akutiuza chifukwa chimene anaimira pamenepo, ndipo chifukwa chake sichauzimu ngakhale pang'ono: chombo chinkayenera kutsitsa katundu. Palibe mngelo anaoneka, palibe loto, ndi nkhani ya eni chombo ndi malonda awo basi. Ndipo Paulo anali pa changu kuposa ine, chaputala 20 ndime 16 chikunena kuti ankafulumira kuti ngati n'kotheka akafike ku Yerusalemu pa tsiku la Pentekoste.

Munthu wa changu chotere mukanayembekeza kuti akhala padoko kumawerenga matumba amene atsala. Koma ndime 4 ikuti anafunafuna ophunzira mpaka anawapeza, n'kukhala nawo masiku 7. Mawu oti anafunafuna amandigwira ine. Ndiye kuti panalibe komiti yomulandira, panalibe chikwangwani cha tchalitchi pamsewu, anachita kuyenda mumzinda wa amalonda kufunsa kuti kodi kuno kuli anthu a Yesu? Turo sikanali kamudzi ngati kanga kaja ayi, unali mzinda wotchuka kuyambira kale, Ezekieli 27 amaufanizira ndi chombo chokongola chodzaza ndi malonda a mayiko ambiri, koma okhulupirirawo zikuoneka kuti anali kagulu kochepa koti onse n'kukwana kuperekeza mlendo pamodzi.

Pali chinthu china apa chimene ndinachedwa kuchiona. Mpingo wa ku Foinike, dera limene kunali Turo, unayamba bwanji? Machitidwe 11 ndime 19 akuti anthu amene anabalalika chifukwa cha chizunzo chimene chinabuka Stefano ataphedwa anafika mpaka ku Foinike, ku Kupro ndi ku Antiokeya akulalikira mawu. Nanga amene ankalowa nyumba ndi nyumba kukoka amuna ndi akazi kukawatsekera m'ndende nthawi imeneyo anali ndani, si Paulo yemweyu, amene nthawi imeneyo ankadziwika kuti Saulo? Ndiye n'kutheka ndithu kuti ena mwa amene anamutsegulira khomo ku Turo anamva uthenga kuchokera kwa anthu amene anathawa iyeyo. Taganizirani, zaka zoposa 20 zapita, munthu uja akugogoda kufuna pogona. Ine ndikanakhala mwini nyumba kaya ndikanatani, ndisaname.

Masiku 7 okha, koma onani kutsanzikana kwake pa ndime 5. Onse anatuluka, amuna, akazi awo ndi ana omwe, kumuperekeza mpaka kunja kwa mzinda, n'kugwada pamchenga m'mbali mwa nyanja kupemphera. Atatsanzikana, a Paulo anakwera chombo, eni mudzi anabwerera kwawo. Luka sanalembe dzina ngakhale limodzi la anthu amenewa. Ku Kaisareya akutchula Filipo, akutchula Agabo, ku Turo zii, ndi anthu chabe ogwada pamchenga ndi ana awo.

Ndipo tisakometse nkhani mopitirira. Abale a ku Turo anamuuza Paulo mwa Mzimu kuti asapite ku Yerusalemu, iye anapitabe, ndipo atafika anamangidwa. Anthu amakangana mpaka lero kuti kodi Paulo analakwa kusamvera kapena abale aja anaona zoona za mavuto akubwera koma chikondi n'chimene chinawonjezera mawu oti musapite. Ine ndimatsamira kwachiwiriko, poti iye mwini anali atanena kale ku Mileto kuti Mzimu akumuchitira umboni mumzinda uliwonse kuti maunyolo akumudikira. Pemphero la pamchenga silinachotse maunyolo. Chimodzimodzi kwa ine, sindikuuzani kuti nditafika ndinapeza wodwala wadzuka akusesa pakhomo, ayi, tinavutika naye miyezi. Koma ndinakwera boti lija ndili munthu wina, manja anasiya kunjenjemera, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo koyamba pa masiku atatu.

Zinachitikanso kachiwiri kwa Paulo, pa chaputala 27 ndime 3, tsopano ali mkaidi kupita ku Roma. Chombo chinaima ku Sidoni, kumpoto pang'ono kwa Turo, ndipo Yuliyo mkulu wa asilikali anamukomera mtima n'kumulola kupita kwa abwenzi ake kuti akamusamalire. Kaimidwe kakafupi, ndime imodzi yokha. Kutsogolo kwake kunali namondwe wa masiku 14, anthu 276 m'chombo atataya chiyembekezo, chombo n'kusweka pa chilumba cha Melita chimene lero timati Malta. A ku Sidoni sankadziwa kuti akusamalira munthu amene ati adzalimbitse mtima anthu onsewo pakati pa mafunde, iwo anangoona m'bale wotopa wabwera ndi msilikali pambuyo.

Tsono ambiri a ife m'mawa uno tili pa kadoko kotere. Wina akudikira zotsatira za kuchipatala, wina ntchito inatha ndipo ina sinapezeke, wina anamutumiza kukagwira ntchito kudera kumene sakufuna ndipo sutikesi sanamasule n'komwe poti akuti ndikungodutsa ine. Timakhala pa benchi kuyang'ana wotchi, kukwiyira otsitsa katundu, osatsika. Sindikunena kuti kuchedwa kulikonse kuli ndi chinsinsi chachikulu, nthawi zina sitima yangochedwa basi, injini yavuta kapena katundu wachuluka. Koma poti waima kale, kutsika n'kufunsa kuti kuno kuli anthu a Mulungu kodi sikukuchotsera kanthu, sitima sinyamuka msanga chifukwa choti iwe wakwinya nkhope.

Komanso ena a ife ndife a kumtunda, ndife agogo osoka ukonde aja. Pali anthu amene Mulungu amawadutsitsa pakhomo pathu kwa kanthawi kochepa, mnzathu wa kuntchito wa kontilakiti ya miyezi itatu, wodwala wa bedi loyandikana nalo, mlendo amene wabwera kutchalitchi Sabata limodzi n'kukhala kumbuyo. Ndipo timawerengera, eti, timati ameneyu apita posachedwa ndidzivutitsiranji. Chikondi chathu timasungira okhalitsa amene adzatibwezere. A ku Turo ankadziwa bwinobwino kuti katundu akangotha kutsitsidwa mlendo wawo apita ndipo mwina sadzamuonanso, koma anadzutsa ana omwe kupita nawo kunyanja. Ana amenewo anakula akukumbuka tsiku limene bambo ndi mayi awo anagwada pamchenga chifukwa cha munthu wodutsa.

Tiyeni tipemphere. Atate, pagulu pano alipo amene aima pamalo pamene sanasankhe ndipo mtima uli kutsogolo, apatseni mphamvu yotsika n'kufunafuna abale. Alipo amene lero lomwe akumana ndi munthu wotopa amene sadzamuonanso, atsegulireni pakamwa kuti afunse ngati ulendo wake uli wa mtendere. Kumbukirani amene ali pamadzi m'mawa uno, oyendetsa sitima, opalasa mabwato, onyamula katundu padoko. Ndipo agogo aja, ngati akadali moyo pansi pa mtengo uja, inu mukuwadziwa dzina, muwadalitse pamodzi ndi ukonde wawo. M'dzina la Yesu, Amen.

Muyende bwino lero nonse, amene mwawerenga ndime 5 mundiuze ngati munali mutawaonapo ana aja kale.