Kukhota modula pa maski: zoyeserera zoyambira

Moni nonse amene mukutionera. Taonani mizere iwiri yopyapyala imene yatsala pa chipale chofewa kumbuyo kwa munthu uyu amene akutsetsereka pa maski (skis), timatabwa titalitali tovala kumapazi, yoyenda motsatana ngati njanji. Pambali pake munthu wina wasiya chizindikiro china chotakata, chonga pamene padutsa tsache. Woyambayu wakhota modula, kumene aphunzitsi a masewerawa amakutcha carving, pamene mnzakeyo wakhota mokhwekhwereza.

Kusiyanaku kukuchokera m'kapangidwe ka ski. Ski ndi yotakata kutsogolo ndi kumbuyo koma yowonda pakati, ndipo m'mphepete mwake muli chitsulo chakuthwa. Mukaipendeketsa n'kuitsamira ndi thupi lanu imapindika ngati uta, ndipo chitsulocho chimadula chipale motsata kupindikako popanda inu kupotoza phazi. Maski oterewa anafala m'zaka za m'ma 1990, ndipo kampani ya Elan ya ku Slovenia inali m'gulu la makampani oyambirira kuwapanga. Nambala ya mamita imene imalembedwa pa ski, monga 13 kapena 17, imasonyeza kukula kwa bwalo limene ski imazungulira yokha, ndipo ikachepa ndiye kuti ski imakhota msanga.

Choyeserera choyamba, chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, ndi kujambula chilembo cha J. Sankhani malo otsetsereka pang'ono opanda anthu ambiri, yang'anani kumtunda ngati sikukubwera wina, kenaka lunjikani maski kumunsi. Mukayamba kuyenda, pendeketsani akakolo ndi mawondo kumanzere, kuti chala chachikulu cha phazi lamanja ndi chala chaching'ono cha phazi lamanzere zidinde pansi, ndipo mukatero dikirani. Kudikiraku ndi kumene kumavuta, chifukwa kwa kanthawi kochepa maski amaoneka ngati sakumva, mtima umayamba kugunda, ndipo ambiri amafulumira kukankha chidendene, mzere uja n'kufafanizika pomwepo. Mukapirira, maski adzakhota okha, adzakwera pang'ono chakumtunda ndipo adzaima. Cheukani muone zimene mwasiya, chifukwa thupi likhoza kukuuzani kuti mwachita bwino koma chipale sichikondera. Bwerezani mbali zonse ziwiri, ndipo musadabwe mukapeza kuti mwendo umodzi ndi waulesi kuposa unzake.

Zikatheka zimenezo, lumikizani zilembozo pa malo pafupifupi athyathyathya, mapazi atatalikirana molingana ndi chiuno, mukupendeketsa maski onse awiri nthawi imodzi uku ndi uku.

Tsopano yang'anitsitsani mwendo wa munthu uyu. Pamene akukhota, wanyamula kumbuyo kwa ski ya m'kati, ya mbali imene akukhotera, nsonga yake ili pansi ndithu, kotero kuti thupi lonse lili pa ski yakunja, imene iyenera kusenza katundu wambiri. Ngati kwa inu kukunyamuka kutsogolo m'malo mwa kumbuyo, ndiye kuti mwakhalira kumbuyo ngati muli pa mpando, ndipo mankhwala ake ndi kutsamiritsa msongolo pa lilime la nsapato. Amene amagwera m'kati ndi mapewa omwe ayese kukhwekhwereza ndodo ya ski imene agwira m'dzanja la mbali yakunja pansi mpaka atamaliza kukhota, pakuti zimenezi zimachititsa kuti mapewa akhale olingana pamene chiuno chikulowa m'kati.

Dziwani kuti kudula sikuchepetsa liwiro monga mmene kukhwekhwereza kumachitira, choncho liwiro likakula malizitsani kukhotako mpaka maski atapingasa phiri. Kwa inu amene muli ku South Africa, malo a Afriski m'mapiri a Maloti ku Lesotho amatsegulira masewerawa kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti. Pitani m'mamawa makina atangosalaza chipale, anthu asanapondeponde, kuti mizere yanu muzitha kuisiyanitsa ndi ya ena.